Zivundikiro Zakumanzere

"Ine ndinaitanitsa zivundikiro zakumanja, izi n'zakumanzere zonse!" anakalipa kasitomala wokonza njinga zamoto, akumenyetsa patebulo lata lopindidwa lovundikira m'mbali mwa njinga.

Mmisiri wamkulu anayang'ana pansi. Moyo wake wonse ankasema chikombole chopindira malata pa chitsulo chimodzi, ntchito ya milungu itatu. Mwana wake wamkazi anabweretsa njira yachangu: kudula mapuleti achitsulo opyapyala, kulemba manambala pamwamba pake, kuwasanjikiza n'kumanga ndi mabawuti. Masiku awiri basi. Bamboyo ankati ndi zidole zimenezo.

Dzulo lake mwanayo atapita kusikelo ndi khanda, bamboyo anasanja yekha mapuletiwo. Magalasi anawasiya m'thumba kuopa kuti antchito ake angamuseke. Manambala sanawaone, ndipo mapuleti onse anawatembenuza, chikombole n'kutulutsa zakumanzere.

"Wasanja ndani?" anafunsa kasitomalayo.



"Ndine, bwana," anayankha mwana wamkazi uja. "Pepani. Ndimasula pompano, mawa mudzatenga zakumanja."

Kasitomala anapukusa mutu n'kugwira mmisiri paphewa.

"Ana amasiku anowa, phuma! Iwe, uzikhala pafupi ndi bambo akowa, uziona mmene amagwirira ntchito."

"Ndimaona, bwana," anatero mwanayo, akutola sipanala.