Kabokosi ka Nyimbo Zonse

Panali munthu wina wosoka nsapato, mkulu amene maso anali atamusiyitsa ntchito. Mkazi wake anadwala matenda aja oiwala. Anayamba ndi kuiwala pamene waika makiyi, kenako njira ya kubafa, pomaliza n'kumafunsa mwamuna wake yemwe kuti, "Kodi abambo inu mukufuna ndani pakhomo pano?"

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamubweza. Dzuwa likapendeka mantha ankamugwira, n'kuyamba kumanga zovala kuti akupita kwawo. Apo mkuluyo ankaika kaseti ina mu wailesi yakale yomanga ndi mphira. Nyimboyo inkamveka ngati ikuchokera pansi pa chitsime, koma ikafika pakati mayiyo ankakhala pansi, n'kumwetulira, n'kumudziwa mwamuna wake.

Anali ndi mwana mmodzi wogwira ntchito mu ofesi, wa mtundu uja woti mukamalankhula maso ali pa foni. Mtima woipa analibe. Makutu ndi amene anawasiya kusukulu.

"Bambo, chiwailesi ichi chikundichititsa manyazi," anatero tsiku lina. "Amayi ayenera kumva nyimbo yawo bwinobwino."

"Gula chimene ukufuna, mwana wanga, koma kasetiyo usaikhudze. Mmenemo muli..."

"Ndamva, Bambo, ndamva."

Kumva kwake kunali komweko. Okalamba tikatsegula pakamwa amati tikubwebweta.

Kunena zoona, mwanayo anavutikira amayi ake. Anazungulira mashopu, kumvetsera masipika awa ndi awo, mpaka anapeza wogulitsa wina wa pakamwa pa shuga.

"Bwana, makampani a nyimbo za pa intaneti alipo ambiri. Ena amafinya nyimbo kuti isadye bandulo, ndiye imatuluka yophwa. Kampani iyi ndikukuuzaniyi siifinya. Mukalumikiza kabokosi aka ku masipikawo, muzimva mpaka chala chikutsetsereka pa gitala."

"Nyimbo zakale zilimo?"

"Iliyonse imene inaimbidwapo pansi pano. Makaseti katayeni, ndi nyumba za mphemvu."

Mawu a mlendo anawamva kamodzi. A bambo ake omubala, ayi.

Anadikira tsiku limene makolo ake anapita kuchipatala kuti adzawadzidzimutse. Anakhazika kabokosiko pashelefu, anayala mawaya bwinobwino kuseri kwa kabati, ndipo wailesi yakale ija pamodzi ndi katoni ya makaseti anaziponya m'galimoto ya zinyalala.

Atabwera, mkuluyo anaona shelefu ikuwala.

"Kaseti ili kuti?"

"Khalani pansi, Bambo. Lero mumva zimene simunamvepo."

Nthawi ija itakwana, mayiyo anayamba kumanga zovala. Mwanayo anadina foni. Nyimbo inatuluka, yomweyo ndithu, yoyera ngati oimbawo aima pabalaza pomwepo. Mayiyo anasiya zovala. Anakhala pansi, mutu n'kupendeka, akudikira. Mwanayo anayang'ana bambo ake monyadira.

Nyimbo inafika pakati, n'kudutsa. Nkhope ya mayiyo inasintha.

"Mwana sakulira," anatero. Anadzuka. "Mwana wanga ali kuti? Abambo inu, mwandibera mwana!"

Anasuzumira pansi pa bedi, anatsegula kabati, akufuula. Mwamuna wake atamugwira dzanja anamukankha ngati wakuba.

"Mwana wake uti?" anafunsa wa mu ofesi uja.

"Iweyo," anatero mkuluyo. "Nyimboyo ndinaijambula ndekha, wailesi ya aneba apa, yanga apa. Unali wakhanda. Pakati pa nyimbo unadzuka n'kulira, amako n'kukutonthoza, zonsezo n'kulowa mu kaseti. Ndinakalipa tsiku limenelo kuti mwandiwonongera nyimbo. Amakowa sadikira gitala. Amadikira iwe."

Mwanayo anathamangira kotaya zinyalala. Anafukula ndi manja ake osalala aja mpaka mdima, osapeza kanthu. Anapita kwa wogulitsa uja, iye n'kungokweza mapewa. "Nanga nyimboyo siilimo, bwana?"

Masiku otsatira anali owawa. Mayiyo anakana kudya za m'manja mwa munthu amene ankamuyesa wakuba mwana. Mkuluyo ankaika mbale patebulo, n'kutuluka kukaima pakhonde kuti mkazi wake adyeko. Munthu amene anagona naye mphasa imodzi moyo wonse.

Tsiku lina mwanayo anabwera osavala tayi, foni ili m'thumba.

"Bambo, ndiuzeni zochita."

Aka kanali koyamba kufunsa. Mkuluyo anangoti, "Ingoikanso nyimboyo. Mwina lero."

Anaiika. Mayiyo anapendeketsa mutu, akudikira. Mwanayo anagwada pafupi ndi mpando, akuyang'ana nkhope ija imene inkamufuna iyeyo koma osamuona. Nyimbo itafika pakati sanathe kupirira. Analira. Osati mochita kupanga ayi, koma kulira kwenikweni, bambo wa ndevu zake, mutu uli pa maondo a amayi ake.

Dzanja la mayiyo linatsika pang'onopang'ono, n'kuyamba kumusisita pamsana.

"Chete, chete, mwanawe. Bambo ako akujambula nyimbo."

Kenako anadzutsa maso, n'kuyang'ana mkulu uja amene anaima pachitseko.

"Inunso musamukalipire. Ndi njala chabe. Bwerani mukhale apa."

Mkuluyo anapita, nakhala.

Phunziro: Gulani makabokosi anuwo, sankhani kampani ya nyimbo zomveka bwino, palibe akukuletsani. Koma musanataye chinthu cha wokalamba, ikani foni pansi, mumulole amalize kulankhula. Wogulitsa amadziwa zimene zili m'kabokosi, sadziwa zimene zili m'nyumba mwanu. Tumizirani ana anu nkhaniyi, makamaka aja amene amayankha kuti "ndamva" musanamalize.