Batani Lakumanzere

Lameck anapanga yekha chosinthira mawu a gitala ndi chitini cha mabisiketi komanso mawaya a wailesi yakufa. Akaponda batani lakumanzere, ankatuluka mawu ofewa a m'tchalitchi. Lakumanja linali la mawu a kubala ya mowa ya ku Namitambo, kumene ankaimba mobisa Loweruka.

Dzulo lake mawaya anaduka, iye n'kuwawotcherera mothamanga. Tsopano, Lamulungu m'mawa, kwaya inali itaimirira m'tchalitchi, ndipo sankakumbukira kuti mawayawo anawabwezera mbali ziti.

"A Lameck, tayambani," ananong'ona Doreen, wotsogolera kwaya.

Anaponda lakumanzere. Gitala inakalipa ndi mawu a kubala aja.

Tchalitchi chonse chinacheukira kwa Lameck. Koma kutsogolo, phazi la a Namakhwa, mkulu wa mpingo wodana ndi mowa, linayamba kugunda pansi lokha. Maso awo atakumana ndi a Lameck, phazi lija linaima.