Makina Atsopano a ku Misuku

"Alamu, pulinta ikukana," anatero Aida, mlembi wa gulu la alimi a khofi ku Misuku.

Macdonald, mlamu wakeyo, anaweramira pa pulintayo. Dzulo lake anali atachotsa sisitimu yakale yoyendetsa kompyuta ya gululo n'kuikamo yaulere, imene amaitamanda pabulogu yake ya pa intaneti kwinaku akutcha ogwiritsa ntchito inayo akapolo.

"Pulinta yanuyi ndiye yotsalira," anayankha.

"Kaya. Alimi mazana awiri akudikira ziphaso zawo panjapa. Ena abwera wapansi kuchokera ku Mughese."

Aida anamupatsa cholembera ndi mulu wa mapepala. Macdonald analemba ziphasozo pamanja mpaka zala kutupa.

Mlimi wina atalandira chiphaso chake, anamuyang'anitsitsa Macdonald.

"Mayi Aida, makina atsopano munkanena aja ndi amenewa? Koma akulemba mokhota. Akale aja anali bwino."