Chinkhwe ndi Wapolisi wa Padoko

Padangotero, Ng'ona anali wapolisi wa padoko. Tsiku lina anapanikiza Gwape m'matope popanda mlandu.

"Ndikudya pompano, palibe adziwe!"

"Ndikudya pompano, palibe adziwe!" anabwereza wina mumtengo. Anali Chinkhwe, mbalame yosunga mawu alionse amene yamva.

"Iwe! Fufuta mawu angawo, utsike kuno!"

Chinkhwe anayankha ali panthambi pomwepo.

"Pepani bwana, lamulo limatilola kusunga zimene wapolisi akuchita pantchito. Mukamudya, ndikawanena kubwalo."

Ng'ona anamuyang'anitsitsa, maso ali psuu. Kenaka anamasula Gwape, yemwe anathawa akutsimphina.

"Udzamva ludzu," Ng'ona ananong'ona akumira.

Mawuwo Chinkhwe sanawafufute. Koma mpaka lero satsikira kumtsinje. Amangomwa mame a pamasamba.