Mphindi Zisanu za Lenny Camilleri

Lenny Camilleri anawerenga pepala lomatidwa pakhoma la holo kawiri, ndipo kachiwiriko mtima unamuphulika. Dzina lake silinali pamalo pake. Zaka zonsezi, pampikisano waukulu wa kalabu yawo ya njinga ku Gippsland, iye ankanyamuka m'gulu loyamba, la madala ndi ofooka, kudakali mphindi makumi awiri kuti akatswiri ayambe kupalasa. Lero amukankhira m'gulu lachiwiri. Amulanda mphindi zisanu zathunthu!

Womulandayo anali pomwepo, pakhomo pa holo. Noelene Petrakis, mayi wogawa nthawi zonyamukira, anali patebulo lake ndi kapu ya khofi, akuyasamula monga mwa masiku onse. Zaka khumi ndi chimodzi Lenny ankamuona Loweruka lokhalokha, ndipo sanamufunsepo ngakhale kumene amagwira ntchito. Afunsirenji? Kwa iye mayiyu anali cholembera chabe.

Chikho cha chaka chino Lenny anachikonzekera mwaukathyali. Pamipikisano ing'onoing'ono ankafika womaliza dala, lilime lili panja, akudandaula za bondo, kuti azimusiyabe m'gulu la ofooka. Koma m'mawa uliwonse kuyambira mu June ankaika njinga m'galimoto n'kupita kutali, kumsewu wa kumafamu a ng'ombe, kukalimbana ndi chitunda chimene anzake sankapitako. Kunalibe womuona. Chomusowetsa mtendere chinali chilole cha mkaka chokha, chimene chinkakwawa pambuyo pake mpaka pamwamba chifukwa msewuwo ndi wopapatiza. Chikaliza hutala, iye ankangochikwezera chala chapakati osacheuka n'komwe.

Kenako panabwera nkhani ya mawilo a kaboni, opepuka ndi othamanga. A makampani otchuka, madola zikwi zinayi. A ku China, opanda dzina, mazana asanu ndi limodzi. Milungu itatu mutu unamuzungulira. Ena pa intaneti ankati ukangogunda dzenje amasweka ngati bisiketi, ena ankati fakitale ndi imodzi, chosiyana ndi dzina basi. Anagula otchipawo. Mawilowo atafika Lachinayi anawaika pasikelo ya kukhitchini, anawagogoda ndi chala, anakoka masipoko limodzilimodzi. Analibe banga. Koma munthu sakhuta. Anamatapo masitika a kampani ina ya ku Italy, n'kutumiza chithunzi pagulu la kalabu pafoni ndi mawu akuti: "Zikwi zinayi. Amphawi pepani."

Ndiye onani zimene matama amugulira. Mayiyu waona chithunzi, wakhulupirira masitika, waganiza kuti Lenny wamera mapiko. Miyezi itatu yodzuka kuli chisanu yalowa m'madzi chifukwa cha timapepala tomata!

Anakankha njinga mpaka patebulo, mawilo akulira ngati njuchi.

"Mayi Petrakis, ndakulakwirani chiyani ine?"

"Mwadzuka bwanji, Bambo Camilleri. Nambala yanu ndi iyi."

"Moni wanuyo musunge! Mwangoona mawilo, basi Lenny wasanduka mphepo? Kodi wilo limadzipalasa lokha? Bondo langali mwaliiwala?"

Anthu anayamba kusendera pafupi, ena mabanzi ali kukamwa. Trevor Quill, amene anaposa Lenny ndi theka la wilo zaka zinayi zapitazo ndipo salola kuti aiwale, anatsamira njinga yake.

"Aise, mawilo a zikwi zinayi akulephera kukubwezera timphindi tisanu? Ndiye unagula chiyani, mdala? Mbale?"

Kuseka kunamveka mpaka kumsewu. Lenny anayang'ana mawilo, anayang'ana chikho chimene chinali kunyezimira patebulo pafupi ndi khofi wa Noelene. Zaka zake zinali makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo miyendo ngati ya chaka chino sadzakhalanso nayo. Ulemu kapena chikho. Mapanga awiri avumbwitsa.

Anagwada pamiyala, n'kulowetsa chikhadabo pansi pa sitika. Inamatuka ndi kaphokoso konyoza. Anamatula yachiwiri, yachitatu, mpaka wilo linatsala lakuda bii, lopanda dzina.

"Onani! Onani bwino, inu mayi! Masitika a madola khumi awa! Mawilo ndi a ku China, mazana asanu ndi limodzi, anabwera m'katoni yophwanyika. Ndinanama! Mwamva nonse? Lenny ananama! Tsopano ndibwezereni mphindi zanga."

Anthu anafa nalo phwete. Wina anatsamwa ndi tiyi. Trevor anatola sitika imodzi n'kudzimata pachipumi, akulengeza kuti kuyambira lero iyenso ndi wa ku Italy. Lenny anadziwa kuti nkhani imeneyi idzakambidwa ngakhale pamaliro ake. Koma zilibe kanthu. Wayaluka, inde, koma chikho n'chake. Anaimirira, anasasa mawondo, natambasula dzanja kuti alandire nambala ya gulu loyamba.

Noelene anamaliza khofi wake mosapupuluma. Kenako anatenga pepala lina lofanana ndi la pakhoma lija, n'kuika chala pansi pake, pamene panalembedwa tsiku limene linasindikizidwa. Linali Lolemba, masiku atatu mawilo asanafike.

"Mawilo anuwa sindinawawerengere n'komwe, bambo," anatero akuyasamulanso. "Chilole cha mkaka chimene mumachikwezera chala chija ndimayendetsa ndine. Miyezi itatu ndakhala pambuyo panu pachitunda, diso lili pa liwiro lanu, muli pamawilo anu akale omwe aja. Nanga bondo lili bwanji lero?"