Tsache la pakhomo pa Kerttu

Kwathu kuno kumpoto kwa Finland, mukaona tsache litatsamira chitseko, dziwani kuti m'nyumbamo mulibe munthu. Musagogode.

Chimwalirire mnzake Kerttu, Aune ankapita tsiku ndi tsiku kukasonkha moto m'nyumba ya malemuyo kuti mipope isasweke ndi chisanu. Potuluka ankatsamiritsa tsache pachitseko.

Tsiku lina mdima unagwa akadali masana, monga umachitira nyengo yozizira. Aune anadzikoka m'chipale chofewa, mawondo akuwawa, mpaka pakhomopo. Tsache panalibe. Pakhonde panali posesedwa bwinobwino, koma mapazi m'chipalemo anali ake okha.

Inu mukadzaona zotere, mudzabwerere. Koma iye kwake kunali kutali, ndipo pawindo pankaoneka moto.

Atakankha chitseko, anamva fungo la khofi.

"Tseka, nkhalamba iwe, ukulowetsa mphepo!" Anali mawu a Kerttu, kukhitchini. "Zaka zonsezi sunaphunzirebe?"

"Ndatopa, mnzanga," anatero Aune, nakhala pabenchi kuti avule nsapato.

"Ndikudziwa. Puma."

Chitseko chinatsekeka. Kenako panja panamveka kuti kho! Wina anali atatsamiritsa tsache.