Maikolofoni Patebulo la Da-on

"Maikolofoni imeneyo musaiike patebulo," Eun-sil anachenjeza mwamuna wake kuyambira Lolemba. Tae-sik anangoseka. Loweruka anaiika patsogolo penipeni, pakati pa ulusi ndi pensulo.

Mwana wawo Da-on ankakwanitsa chaka tsikulo, ndipo pamwambo wa ku Korea, chimene mwana watola patebulo ndiye tsogolo lake. Koma Eun-sil nkhawa yake inali apongozi. Mayi Pyo Ok-bun, amake a Tae-sik, anaimba nyimbo zachikale zotchedwa tiroti zaka makumi anayi m'misika ndi m'zikondwerero za ku Mokpo. Anabwera kudzaona mdzukulu kwa masiku atatu, Tae-sik n'kuwakaniza kubwerera, ati mawondo atha. Tsopano inali miyezi isanu ndi itatu. Madiresi onyezimira anadzaza kabati ya mwana, ndipo mawu ankasulidwira m'bafa nthawi yomwe Da-on wangogona kumene.

Ndiye gogoyo analumbira pamaso pa abale: "Mwanayu akatola maikolofoni, ndikhala pompano mpaka ndimuphunzitse. Akatola china, ndibwerera kwa anzanga oimba, ndipo Tae-sik usatsegule pakamwa."

M'mawa wa phwando, Eun-sil anazemba n'kupaka manyuchi a mpunga pa pensulo. Da-on ndi manyuchi sankaonana kawiri. Koma alendo akulowa, Eun-sil anaona apongozi atawerama patebulo paja. Gogoyo anadzuka akunyambita chala.

Eun-sil anati basi, gogoyu wapaka zotsekemera pa maikolofoni. Mpata wopukuta maikolofoni panalibe.

Anamukhazika mwanayo atavala zamwambo. Da-on ananunkhiza, n'kulunjika pa pensulo. Anaigwira, anakoka, anakokanso. Kenako anakwinya nkhope, n'kuisiya, n'kukumbatira maikolofoni.

M'nyumba munaphulika m'manja.

"Alamu, gulani kabati ina," anatero mkulu wake wa Tae-sik. "Oimba tsopano ndi awiri."

Mayi Pyo anabisa nkhope m'kansalu, mapewa akugwedezeka. Onse anati ndi misozi ya chimwemwe. Eun-sil anati chamumtima, gogo wakuba iwe, ukuseka.

Alendo atapita madzulo, Eun-sil anayamba kuchotsa zapatebulo, akuwerengera zaka zimene zimatenga kuti mwana aphunzire kuimba. Anayamba wanunkhiza maikolofoni. Inkangonunkha malovu a mwana. Atanyamula pensulo, nsalu yonse ya patebulo inanyamuka nayo.

Anaiyang'ana. Iye sanapake ochuluka chonchi.

"Make Da-on," ananong'ona apongozi kumbuyo kwake, maso ofiira, chikwama cha madiresi chili kale m'manja. "Inunso munapaka pensuloyo? Ndiye tinachulutsa. Matewera andikwana ine. Galimoto ya anzanga idutsa kusanache, mukasiye chitseko chosakhoma, amuna anuwo muwauze akadzuka."